Mutu 9: Kumene Zidakwa Zimathandizana Kusiya Mowa

Mu Meyi 1935, bambo wina wa ku New York anaima m'chipinda cholandirira alendo pa hotela ya Mayflower mumzinda wa Akron, m'chigawo cha Ohio ku America. Dzina lake anali Bill Wilson, munthu wa malonda a masheya. Bizinesi imene anadzera inali italephereka, m'thumba munali mopepuka, ndipo chakumapeto kwa chipindacho kunali bala kumene anthu ankaseka ndi kugundanitsa matambula. Bill anali atatha miyezi 5 osalawa mowa, atagonekedwapo kangapo pachipatala cha Towns ku New York chifukwa cha uchidakwa. Ankadziwa kuti akangolowa m'balamo n'kunena kuti "kamodzi kokha", zonse zimene anavutikira zithera pomwepo.

Pakhoma panali mndandanda wa mipingo ya mumzindawo. Bill anaimbira foni m'busa mmodzi, koma sanapemphe ulaliki kapena pemphero. Anapempha kuti amupezere chidakwa chinzake choti acheze nacho. Foni zinayenda mpaka zinafika kwa mayi wina, Henrietta Seiberling, amene ankadziwa dokotala wa opaleshoni yemwe mowa unali utamuwonongera ntchito ndi mbiri. Dokotalayo, Bob Smith, anavomera monyinyirika kuti amvetsera mlendoyo kwa mphindi 15 zokha. Anacheza maola pafupifupi 6. Chimene chinamugwira mtima n'chakuti mlendoyo sanabwere kudzamuwongola. Anabwera kudzadzipulumutsa yekha, ndipo zimene ankanena za mowa ankazidziwa ndi thupi lake, osati zowerenga. Patapita masabata angapo dokotalayo anamwa botolo lake lomaliza, ndipo 10 Juni 1935 ndi limene limawerengedwa ngati tsiku lobadwa gulu la Alcoholics Anonymous, lodziwika ndi zilembo zakuti AA.

Buku lofotokoza njira ya gululi linatuluka mu 1939, ndipo magazini ya Saturday Evening Post italemba za AA mu 1941 makalata opempha thandizo anachuluka kwambiri. AA inafika ku South Africa mu 1946 ndi ku Britain mu 1947. Lero ili m'mayiko pafupifupi 180, ndipo mamembala ake ndi pafupifupi 2 miliyoni. Koma chimene chinachitika ku Akron sichinasinthe: munthu amene mowa unamugonjetsa amakhala pansi ndi mnzake wa vuto lomwelo n'kuuzana zoona.

Vutoli si laling'ono. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti mu 2019 mowa unapha anthu 2.6 miliyoni, ndipo anthu pafupifupi 209 miliyoni anali akapolo enieni a mowa. Ife sitifunikira kuwerenga malipoti kuti tikhulupirire. Tinaona zimene masacheti anachita kwa anyamata a m'madepoti a minibasi mpaka boma linawaletsa, ndipo anzathu a ku Zambia analetsa tujilijili mu 2012. Kachasu ndiye sanachokepo. Pafupifupi banja lililonse lili ndi wake amene malipiro amathera kushabini lisanafike tsiku lachisanu la mwezi.

Chidakwa sichisowa olangiza. Mkazi wake walankhula mpaka mawu atha. Ankhoswe abwera kangapo, abusa apemphera, abwana kuntchito apereka kalata yochenjeza, amfumu nawo adzudzula pabwalo. Onsewa amafuna zabwino, koma onse amalankhula ataima pamwamba, iye ali pansi. Amavomera, amalumbira, mwina amalira, ndipo pofika Loweruka wayambiranso. Abale amati ndi wopanda manyazi, pamene manyazi ndiwo akumudya. Amamwa kuti aiwale zimene anachita atamwa dzulo. Ine ndimaona kuti mphamvu ya misonkhano ya anthu osiya mowa yagona apa: m'chipindamo mulibe woima pamwamba. Ukanena kuti unagulitsa fetereza wa banja n'kumwera, wina amagwedeza mutu chifukwa iye anagulitsa malata a nyumba. Ukanama amakuzindikira msanga, poti bodza lomwelo analinenapo, koma sakuthamangitsa.

Anthu ambiri amaopa kupita chifukwa sadziwa zimene akakumane nazo. Msonkhano wa AA umatenga ola limodzi, nthawi zina ola ndi theka. Umachitikira m'chipinda chobwereka, kaya ndi holo ya tchalitchi, kalasi ya sukulu kapena chipinda cha pachipatala. Wotsogolera si dokotala kapena m'busa, ndi membala amene wapatsidwa udindowo kwa kanthawi. Amawerenga pang'ono za cholinga cha gululo, kenaka anthu amalankhula mmodzimmodzi. Wolankhula amatchula dzina lake loyamba lokha n'kunena kuti ndi chidakwa. Kwa Mchewa mawu amenewa amalasa, chifukwa kwathu "chidakwa" ndi chitonzo. Koma m'chipinda chimenechi munthu amadzitchula yekha, ndipo mawu amene ankamunyoza nawo amasanduka chiyambi cha kunena zoona. Aliyense amafotokoza za iye mwini: mmene zinalili, chimene chinachitika, ndi mmene akukhalira lero. Sadulana mawu ndipo sayankhana ngati pabwalo la milandu. Mlendo sakakamizidwa kulankhula. Mukhoza kunena kuti lero mwabwera kudzamvetsera, ndipo palibe amene angakufunseni zambiri.

Palibe kulembetsa, palibe chiphaso, palibe ndalama yolowera. Chofunika kuti munthu akhale membala ndi chimodzi, kufuna kusiya mowa. Kumapeto kumayenda kambale koti woponya aponyemo zimene angathe, zolipirira chipinda ndi kugulira tiyi. Gululi limakana dala ndalama zochokera kunja. Pachiyambi penipeni oyambitsa anapempha thandizo kwa John D. Rockefeller Jr., mmodzi wa anthu olemera kwambiri m'nthawiyo, ndipo iye anawapatsa zochepa poopa kuti ndalama zambiri zingawononge ntchitoyo. Poyamba anakhumudwa, koma pambuyo pake anakhazikitsa okha lamulo lakuti gulu lililonse lizidzidalira. Ife amene taona mabungwe akutha tsiku limene opereka thandizo anyamuka tikhoza kumvetsa nzeru imeneyi.

Pali misonkhano ya mitundu iwiri, ndipo ndi bwino kufunsa musanapite. Wotseguka aliyense akhoza kulowa: mkazi wa womwa, mwana wake, namwino wofuna kuphunzira. Wotsekeka ndi wa okhawo amene ali ndi vuto la mowa kapena akudzikayikira kuti ali nalo.

Zinthu ziwiri zimene mlendo amamva msanga ndi za maola 24 ndi za munthu womuyang'anira. Chidakwa chalumbira kambirimbiri kuti sichidzamwanso mpaka imfa, ndipo lumbiro lalikulu chotero limathyoka. Kumsonkhano amati usamwe lero lokha, za mawa tidzaziona mawa. Womuyang'anirayo pa Chingerezi amati sponsor, koma ntchito yake ndi ija ya phungu kuchinamwali: munthu amene anadutsamo kale, amene amayenda nawe, kukuuza zoyenera kupewa, ndipo ukhoza kumuimbira foni usiku chibaba chikakugwira. Mwambo wake ndi wakuti mwamuna asankhe mwamuna, mkazi asankhe mkazi. Phunguyo ndiye amakuyendetsa m'masitepe 12 a gululi, amene mwachidule amafuna kuti munthu avomereze kuti mowa wamuposa mphamvu, afunefune thandizo loposa iye mwini, adzifufuze moona mtima, akonze zimene anawonongera ena pamene kutero sikungawapwetekenso, ndipo athandize chidakwa china. Sitepe yokonza zolakwa ndi yolemera. Kubweza ngongole ya zaka zisanu kapena kukapepesa kwa apongozi si nkhani ya tsiku limodzi, ndipo phungu wanzeru sathamangitsa munthu.

Nkhani ya Mulungu imafunsidwa kawirikawiri. AA inamera kuchokera m'gulu lachikhristu la Oxford Group, ndipo mabuku ake amatchula Mulungu, koma si mpingo ndipo siili pansi pa chipembedzo chilichonse. Mkhristu, Msilamu ndi wosapemphera amakhala pabenchi limodzi. Amene safuna n'komwe za uzimu ali ndi njira ina yotchedwa SMART Recovery, imene inayamba mu 1994 ndipo imaphunzitsa luso lolimbana ndi chibaba ndi kusintha kaganizidwe. Palinso magulu akale a m'mipingo, monga Blue Cross imene m'busa Louis-Lucien Rochat anayambitsa ku Geneva mu 1877, ndi Pioneer ya Akatolika imene inayamba ku Ireland mu 1898.

Musanayambe kufunafuna msonkhano, pali chenjezo limene sindingalisiye. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku, amene m'mawa manja amanjenjemera mpaka atachotsa matsire, asasiye mowa mwadzidzidzi ali yekha kunyumba. Thupi lake linazolowera, ndipo mowa ukachoka kamodzin'kamodzi ubongo umasokonezeka. Pakangopita maola angapo kumabwera kunjenjemera, thukuta ndi nseru. M'masiku awiri oyamba ena amagwa ngati akhunyu. Pa tsiku lachiwiri mpaka lachinayi ena amayamba kubwebweta, kuona njoka ndi tizilombo tomwe palibe, thupi kutentha ndi mtima kuthamanga. Abale amathamangira kwa sing'anga poganiza kuti walodzedwa, pamene ndi matenda odziwika bwino kuchipatala, amene amapha ngati sathandizidwa koma amachizika ndi mankhwala. Msonkhano wa anzanu sungalowe m'malo mwa chipatala pa masiku amenewa. Yambani mwaonana ndi dokotala kapena kilinikala, ndipo muwauze zoona za kuchuluka kwa mowa umene mumamwa, osachepetsako.

Ubwino wake ndi wakuti chipatala ndi khomonso loyamba lopezera gulu. Ku Malawi, a Saint John of God ali ndi ntchito yothandiza anthu a vuto la mowa ndi mankhwala ozunguza bongo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo chipatala cha Zomba Mental chimalandira anthu otere. M'zipatala za maboma mumakhala anamwino kapena makilinikala oona za matenda a maganizo, ndipo amenewo ndiwo oyenera kuwafunsa ngati pali gulu lokumana pafupi. Ku Lusaka kuli chipatala cha Chainama. Ambiri amaopa mayina amenewa poganiza kuti akatchedwa amisala. Kupita kumeneko sikutanthauza misala, koma ndiko kuli anthu amene anaphunzira za vutoli. Kumudzi yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu.

Khomo lachiwiri ndi tchalitchi kapena mzikiti, ngakhale si wanu. Popeza magulu ambiri amabwereka zipinda za mipingo, wansembe, m'busa kapena mlembi wa parishi nthawi zambiri amadziwa amene amakumana m'holo yawo madzulo a tsiku lakuti. Mukhoza kufunsa popanda kufotokoza mbiri yanu yonse. Kungoti "Kodi kuno kuli gulu la anthu ofuna kusiya mowa?" n'kokwanira. Safunsa anadya phula.

Tinene zoona kuti kwathu kuno misonkhano yotere sinafalikire ngati kwina, ndipo munthu wa kumudzi akhoza kufunsa konsekonse osaipeza. Kwa abale athu amene ali ku Johannesburg, Cape Town kapena Durban nkhani ndi ina. AA ya ku South Africa ili ndi magulu ambiri, nambala ya foni yothandizira anthu ndi mndandanda wa misonkhano pa intaneti, ndipo kulinso bungwe la SANCA limene lakhala likugwira ntchitoyi kuyambira 1956. Ku Britain nakonso misonkhano imachitika tsiku lililonse m'mizinda yonse ikuluikulu. Kwa munthu wa kutheba amene akumwa chifukwa cha kusungulumwa, ndi bwino adziwe kuti pakhomo la msonkhano safunsa pasipoti kapena pemiti.

Chiyambireni mliri wa Covid-19 mu 2020, misonkhano yambiri imachitikanso pa Zoom, ndipo pa ola lililonse la usana kapena usiku kwinakwake padziko kuli gulu limene lakumana. Pali pulogalamu ya pafoni yotchedwa Meeting Guide yosonyeza misonkhano ya m'madera amene maofesi a AA analembetsamo. Njira imeneyi ili ndi zovuta zake: bandulo ndi yodula, netiweki imadukaduka, ndipo yambiri imachitika m'Chingerezi. Kuzimitsa kamera kumachepetsa ndalama ndiponso kumabisa nkhope. Komabe munthu amalira bwino m'chinenero cha amake, ndipo n'chifukwa chake gulu lapafupi, ngakhale la anthu anayi, limaposa la anthu zana a kutsidya la nyanja.

Mukapeza tsiku ndi malo, imbani foni kaye ngati nambala ilipo, chifukwa mindandanda imakalamba ndipo magulu amasamuka. Fikani mofulumirako ndipo muuze amene akukonza mipando kuti ndinu watsopano. Ngati miyendo ikulemera, pemphani wachibale akuperekezeni mpaka pakhomo. Musaweruze ndi msonkhano umodzi. Magulu amasiyana ngati mabanja, lina ndi laphokoso, lina ndi lachete, lina muli wolankhulitsa amene amatopetsa. Akale m'gululi amalangiza watsopano kuti ayese misonkhano 90 m'masiku 90. Kumene msonkhano umachitika kamodzi pa sabata zimenezi sizitheka, koma cholinga chake chikhoza kusungidwa: tsiku lisadutse osalankhula ndi mnzanu wosiya mowa, makamaka madzulo, nthawi imene miyendo inazolowera kulowera kushabini, ndi pa masiku a malipiro, ukwati ndi maliro.

Si gulu lililonse lodzitcha lothandiza limene lili labwino. Mukaona akufuna ndalama yolowera, akugulitsa mankhwala oti mukamwa mudzanyansidwa ndi mowa mpaka kale, kapena akukukakamizani kuulula machimo pamaso pa khamu, chokanipo. Wina akakuuzani kuti musiye ma ARV, mankhwala a khunyu, a shuga kapena a matenda a maganizo chifukwa tsopano mwachira, musamumvere, chifukwa AA yeniyeni siipereka malangizo a mankhwala. Amayi achenjere ndi amuna ofuna kupezerapo mwayi pa kufooka kwa watsopano. Mayi womwa amanyozedwa kawiri kuposa bambo, ndipo ambiri amamwera m'nyumba mobisa kwa zaka. Kumene kuli misonkhano ya amayi okhaokha ndi bwino kuyambira kumeneko.

Kodi zimathandizadi? Kwa zaka zambiri madokotala ena ankakayikira. Mu 2020 akatswiri atatu, John Kelly, Keith Humphreys ndi Marica Ferri, anasanthula kafukufuku 27 wokhudza anthu oposa 10,000 m'malo mwa bungwe la Cochrane. Anapeza kuti chithandizo chimene chimalowetsa munthu mu AA mwadongosolo chimaposa njira zina zodziwika za uphungu pothandiza anthu kukhala osamwa n'komwe: patatha chaka, pafupifupi 42 mwa 100 alionse anali asanalawe, poyerekeza ndi 35 mwa 100 a njira zinazo. Nambala zimenezi zikunena zinthu ziwiri. Njirayi imagwira ntchito ndipo siidya ndalama, koma oposa theka amagwanso m'chaka choyamba. Kugwa si kutha kwa ulendo. Choopsa kwambiri ndi manyazi amene amaletsa wogwayo kubwerera, pamene m'chipindamo ambiri anagwapo kawiri kapena katatu asanaime. Amene wamwa dzulo ndiye woyenera kufika lero.

Chinsinsi ndi nkhani yovuta kwathu. Mumzinda waukulu munthu akhoza kukwera basi kupita kumene sadziwika, koma patauni yaing'ono aliyense amadziwa njinga ya mnzake. Lamulo la gululi ndi lakuti amene wamuona mmenemo ndi zimene wamva zitsale mmenemo, ndipo gulu limene lalephera kusunga lamuloli limafa msanga. Komabe ndifunse mokoma mtima: kodi ndani m'mudzimo amene sadziwa kuti mumamwa? Anakuonani mutagona m'ngalande, anakunyamulani pa wilibala. Chimene sanaone ndi inu mukulowa pakhomo lofuna thandizo. Tinadutsamo kale m'njira yotereyi. M'zaka za m'ma 1990, anthu amene anali ndi kachilombo ka HIV ankaopa kuonedwa pamodzi, koma atayamba kukumana m'magulu monga a NAPHAM ambiri anapeza mphamvu yokhalira ndi moyo, ndipo manyazi anayamba kuchepa.

Abale a womwa nawonso ali ndi kwawo. Lois Wilson, mkazi wa Bill, anaona kuti mwamuna wake atasiya mowa iye anatsala ndi mkwiyo ndi mabala ake. Mu 1951 iye ndi mnzake anakhazikitsa Al-Anon, gulu la akazi, amuna, makolo ndi abale a zidakwa, ndipo mu 1957 kunabadwa Alateen ya achinyamata. Kumeneko amaphunzira kuti sanayambitse uchidakwawo, sangaulamulire ndipo sangauchize, ndiponso kuti kubweza ngongole za kushabini ndi kunamizira abwana kuti bambo akudwala malungo kumangotalikitsa vuto. Mukhoza kupitako ngakhale womwayo akukana thandizo. Koma pamene pali kumenyana, chitetezo cha mayi ndi ana chikhale patsogolo, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza.

Tsono ngati mwafunsa kuchipatala, kutchalitchi ndi pafoni koma gulu palibe, bwanji? Mwambo wa AA umalola kuti zidakwa ziwiri kapena zitatu zokumana ndi cholinga chosiya mowa zidzitche gulu, malinga zisakhale pansi pa bungwe lina. Sipafunika chilolezo kapena satifiketi. Ofesi yaikulu ya AA ku New York imathandiza ndi mabuku ndi malangizo, ndipo ili ndi dongosolo lolemberana makalata ndi mamembala okhala kutali ndi gulu lililonse. Ife kukumana m'magulu sitiphunzira kwa wina: tili ndi banki m'khonde, miphakati, milaga ndi makalabu a alimi. Timadziwa kusankha tsiku, kusunga nthawi ndi kuyendetsa kambale. Bill ndi Bob nawo anayamba awiri, ndipo m'mwezi womwewo wa Juni anapita kuchipatala cha mumzinda wa Akron kukafunsa ngati muli chidakwa choti acheze nacho. Anapeza loya wina ali pabedi, atagonekedwa kangapo m'chaka chomwecho. Anakhala membala wachitatu, ndipo sanamwenso mpaka imfa yake mu 1954.

Inu amene mukuwerenga mutuwu muli ndi matsire, kapena mukuganizira m'bale wanu, m'dera lanu muli munthu mmodzi amene ankamwa kwambiri koma anasiya, ndipo mukumudziwa. Pitani kwa iye sabata ino mukamufunse mmene anachitira. Ngati manja anu amanjenjemera m'mawa, mupempheni akuperekezeni kuchipatala kaye. Mukabwerako pemphani chipinda kwa abusa kapena kwa ahedi, mugwirizane tsiku ndi ola, ndipo muzifika sabata iliyonse ngakhale mutakhala awiri okha.